Nthenda ya Lupus ndi Mtima wa Mwana

Mwana akamadandaula kuti m'chifuwa mukumubaya, ambiri a ife timafulumira kuganiza za chibayo, chifuwa chachikulu cha TB kapena malungo. Sitilakwa poganiza choncho, pakuti nthenda zimenezi ndizo zimasautsa ana ambiri kuno kwathu. Komabe ilipo nthenda ina yomwe dzina lake silimvekamveka, imene mwa ana ena imayambira pa mtima zizindikiro zake zodziwika bwino zisanaonekere. Nthendayi ndi lupus. Si yofala ngati malungo ayi, koma ikachedwa kudziwika imaononga mtima ndi impso za mwana, ndipo imapha. Ikadziwika msanga, mwana amakula, amaphunzira, ndi kudzakhala ndi banja lake ngati wina aliyense. Nchifukwa chake tati tikambirane za nthendayi pa tsamba lino, kuti aseminale, ansembe ndi inu makolo tidziwe nthawi yofunsa funso limene lingapulumutse moyo.

KODI LUPUS NCHIYANI?

Amene tinalimbana ndi Chilatini m'kalasi tikudziwa kuti mawu oti lupus amatanthauza mmbulu. Asing'anga akale a ku Ulaya anaitcha nthendayi dzina limeneli poona kuti zilonda zimene imabweretsa kumaso zinkaoneka ngati munthu wachita kulumidwa ndi mmbulu. Cha m'ma 1850 dokotala wa ku France, Pierre Cazenave, anaonjezerapo mawu ena oti erythematosus, ochokera ku Chigiriki, onena za kufiira kwa khungu. Pa nthawiyo anthu ankayesa kuti ndi nthenda ya pakhungu basi. M'chaka cha 1872 dokotala wina wa ku Vienna, Moritz Kaposi, anasonyeza kuti nthendayi imalowa mpaka m'kati mwa thupi, ndipo pambuyo pake William Osler analongosola za odwala amene inawagwira mtima, impso ndi ziwalo zina. Lero dzina lake lonse ndi systemic lupus erythematosus, kapena mwachidule SLE.

Kuti timvetse bwino, tikumbukire zimene tinaphunzira m'Biology. Mulungu anaika m'thupi mwathu asilikali otiteteza ku tizilombo toyambitsa matenda. Asilikali amenewa amadziwa kusiyanitsa mwini mudzi ndi mdani. Tsono mwa munthu wodwala lupus asilikaliwo amasokonezeka: amayamba kuthira nkhondo thupi lomwe amayenera kuliteteza. Paliponse pamene nkhondoyo yagwa pamatupa ndi kupweteka, kaya ndi pakhungu, m'mfundo za mafupa, mu impso, m'magazi, mu ubongo, m'mapapo kapena pa mtima.

Nthendayi imadza chifukwa cha zinthu zingapo zokumana pamodzi: chibadwa chimene munthu watengera ku mtundu wake, kusintha kwa m'thupi pa nthawi ya kutha msinkhu, ndiponso zoiputa monga dzuwa lamphamvu ndi tizilombo tina. Siipatsirana. Mungathe kudyera mbale imodzi, kugona chipinda chimodzi ndi kumwera chikho chimodzi ndi wodwalayo popanda choopsa chilichonse.

IMAGWIRA YANI?

Mwa odwala lupus 100 aliwonse, pafupifupi 15 mpaka 20 nthendayi inawayamba akadali ana. Kawirikawiri imaonekera mwana ali ndi zaka 11 kapena 12, ndipo si kawirikawiri kuipeza mwa mwana wosakwana zaka 5. Pakati pa akuluakulu, odwala 9 mwa 10 aliwonse ndi amayi. Pakati pa ana kusiyanako nkocheperako: pa mnyamata mmodzi pamakhala atsikana anayi kapena asanu. Choncho ife a pa seminale tisanene kuti iyi ndi nkhani ya alongo athu okha. Anyamata nawonso amadwala, ndipo ena imawagwira mwamphamvu zedi.

Madokotala apezanso kuti nthendayi imapezeka kwambiri, ndipo imakhala yaukali, mwa anthu akuda ndi a ku Asia kusiyana ndi azungu. Apezanso kuti mwa ana imakhala yolusa kuposa mwa akuluakulu, ndipo ana oposa theka imawagwira impso.

M'MENE IMAGWIRIRA MTIMA

Mtima wa munthu ndi waukulu ngati chibakera cha mwiniwake. Tingauyerekeze ndi mjigo umene umapopa madzi usana ndi usiku osapumula. Uli ndi kathumba koukuta kunja, uli ndi mnofu umene umachita ntchito yopopayo, uli ndi tizitseko tinayi toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndiponso uli ndi mitsempha yakeyake youdyetsa. Lupus ingathe kugwira chilichonse mwa zinayizi.

Choyamba, ndiponso chofala kuposa zonse, ndi kutupa kwa kathumba kokuta mtima, kumene madokotala amati pericarditis. Kathumbaka nka nembanemba ziwiri, ndipo pakati pake pamakhala timadzi pang'ono, tosapitirira masupuni aakulu atatu mwa munthu wamkulu, tothandiza kuti mtima uziterera bwino pogunda. Nembanembazi zikatupa zimakhulana, ndipo mwana amamva kubaya pakati pa chifuwa kapena cha kumanzere, nthawi zina mpaka pa phewa. Ululu wake uli ndi khalidwe lakelake limene kholo lililonse lingathe kulizindikira: umakula mwana akagona chagada kapena akakoka mpweya kwambiri, ndipo umachepa akakhala tsonga ndi kuweramira kutsogolo. Mukaona mwana akukana kugona pa mphasa, usiku wonse ali chikhalire atatsamira maondo ake, musamuyese wamakani. Thupi lake lapeza lokha kakhalidwe kochepetsa ululu.

Kutupako kukapitirira, madzi amachuluka m'kathumba muja. Mtima umayenera kufutukuka kuti ulandire magazi usanawapope. Tsono madzi akauzinga mbali zonse umalephera kufutukuka, monga momwe baluni singafufume ili m'dzanja lofumbata. Pamenepo magazi opita m'thupi amachepa, mwana amapuma mwabefu, mitsempha ya m'khosi imatupa, manja ndi mapazi zimazizira, ndipo angathe kukomoka. Madokotala amati tamponade. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika palibe zodikira kuti kuche. Ku chipatala amalowetsa singano pansi pa fupa la pachifuwa ndi kupopa madziwo, ndipo mwana amapeza mpumulo nthawi yomweyo. Mabuku a zachipatala amasimba za ana ndi achinyamata amene lupus yawo inadziwika koyamba mwa njira imeneyi, asanakhalepo ndi chilonda ngakhale chimodzi kumaso.

Chachiwiri ndi kutupa kwa mnofu weniweni wa mtima, kumene amati myocarditis. Uku nkosowa kusiyana ndi koyamba kuja, koma nkoopsa kwambiri. Mnofu ukafooka, mtima umagunda mothamanga ngakhale mwana atangokhala phee, koma mphamvu yopopera imakhala yochepa. Mwana amene ankathamanga m'bwalo la mpira mphindi 90 amayamba kupumira m'mwamba akangokwera kachitunda. Mapazi amatupa, mimba imatupa, ndipo usiku amadzidzimuka chifukwa chobanika. Ena mtima umagunda modumphadumpha.

Chachitatu ndi tizitseko tija. M'chaka cha 1924 madokotala awiri a ku New York, Emanuel Libman ndi Benjamin Sacks, analongosola tinthu tonga njerewere timene timamera pa tizitseko ta mtima popanda kachilombo kalikonse. Mpaka lero vutoli limatchedwa ndi maina awo. Amene anaonapo mjigo wotha mphira akudziwa zimene zimachitika: upope chotani, madzi ena amabwerera pansi. Chimodzimodzi kachitseko ka mtima kakaonongeka, magazi ena amabwerera m'mbuyo ndipo mtima umatopa. Choopsa china nchakuti kachidutswa ka njerewere ija kangathe kuthothoka, kuyenda ndi magazi ndi kukatseka mtsempha wa mu ubongo, mwana nkufa ziwalo mbali imodzi. Izi zimachitika makamaka mwa odwala amene magazi awo amaundana msanga, vuto limene dokotala wa ku London, Graham Hughes, analilongosola m'chaka cha 1983.

Chachinayi chimadza pang'onopang'ono. Kutupa kwa zaka zambiri kumalimbitsa ndi kuchepetsa mitsempha yodyetsa mtima, kotero kuti munthu amene lupus inamuyamba ali mwana angathe kudwala mtima wa okalamba asanafike zaka 40. Ichi ndicho chifukwa chake madokotala amalimbikira kuti nthendayi igonjetsedwe kuyambira pachiyambi, ndi kuti wodwalayo asayerekeze kusuta fodya.

CHIFUKWA CHIYANI IMACHEDWA KUDZIWIKA?

Mabuku ambiri amati chizindikiro cha lupus ndi zidzolo zofiira za pa masaya ndi pa mphuno, zooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Zimenezi nzoona, koma si ana onse amene amakhala nazo pachiyambi. Kuonjezera apo, pa khungu lakuda ngati lathuli kufiirako sikuoneka bwino. Pamangooneka ngati pathimbirira kapena pada kuposa pena, ndipo anthu amati ndi dzuwa kapena mafuta odzola.

Chifukwa china nchakuti lupus imavala zovala za nthenda zina. Kuno kumwera kwa Africa, chimene chimadzetsa kwambiri madzi m'kathumba ka mtima ndi TB, ndipo dokotala aliyense wodziwa ntchito yake amayamba waganiza za TB. Palinso nthenda ina ya mtima yofala pakati pa ana a zaka 5 mpaka 15, imene imatsatira zilonda za pakhosi zosachizidwa bwino, ndipo nayonso imapweteketsa mfundo ndi kuononga tizitseko ta mtima. Kutentha thupi kumatiganizitsa malungo. Kuonda, zilonda za m'kamwa ndi kutupa kwa mwanabere kumatiganizitsa HIV. Zonsezi ziyenera kuyezedwa poyamba, ndipo mwana akapatsidwa mankhwala a TB kholo lisamusiyitse palokha.

Tsono funso la lupus lifunsidwe liti? Lifunsidwe pamene mwana, makamaka wa zaka 10 kupita m'tsogolo, ali ndi vuto la m'chifuwa kapena la mtima pamodzi ndi zina mwa izi:

1. Kutentha thupi kwa masabata angapo, magazi akayezedwa malungo osapezeka, kapena mankhwala a malungo osathandiza.
2. Kupweteka ndi kutupa kwa mfundo za zala, za m'manja ndi maondo, makamaka m'mawa.
3. Kuthothoka tsitsi, lambiri nkumatsalira pa chipeso kapena pa pilo.
4. Zilonda za m'kamwa, makamaka kumwamba kwake, zimene nthawi zambiri sizipweteka.
5. Zidzolo zimene zimabuka kapena kukula mwana akakhala padzuwa.
6. Kutupa kwa zikope m'mawa ndi kwa mapazi madzulo, kapena mkodzo wochita thovu kapena wa mtundu wa tiyi.
7. Kuchepa magazi kobwerezabwereza, kutuluka kamfuno pafupipafupi, kapena zala zosintha mtundu kukazizira.
8. Kutopa kosaneneka, kuonda, kapena kugwa khunyu mwana amene sanagwepo.

Chizindikiro chimodzi pachokha sichitanthauza lupus. Koma zikakumana zitatu kapena zinayi, ndiponso mankhwala a nthenda zozolowereka akulephera, kholo lili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi sizingakhale lupus?" Akulu anati safunsa anadya phula. Chothandizanso kwambiri ndi kufotokoza zonse pamodzi. Kawirikawiri mayi amanena za chifuwa chokha, pakuti ndicho chamubweretsa, osatchula za tsitsi kapena za mkodzo poyesa kuti nzosagwirizana. Chonsecho dokotala amadziwa lupus polumikiza tinthu tomwe tikuoneka tosagwirizanato. Ndipo buku la kuchipatala la mwana lisamatsale kunyumba, chifukwa m'menemo ndimo muli mbiri yonse.

KU CHIPATALA AMAYEZA CHIYANI?

Dokotala amayamba ndi kumvetsera mtima. Kathumba kakatupa amamva phokoso la kukhulana, longa la munthu woyenda pa mchenga wouma. Kenaka amajambula chifuwa pa X-ray, pomwe mtima wozingidwa ndi madzi umaoneka waukulu ndi wobulungira. Makina a ECG amalemba kagundidwe ka mtima pa pepala. Opambana onse ndi makina ounikira mtima a echo, ofanana ndi aja amaunikira amayi oyembekezera: sapweteka, ndipo amaonetsa madzi, mphamvu ya mnofu ndi tizitseko tonse.

Amayezanso mkodzo kuti aone ngati impso zikutaya zofunika m'thupi, ndi kuwerenga magazi. Pomaliza pali kuyeza kwapadera kofufuza asilikali osokonezeka aja, monga ANA ndi anti-dsDNA. Pafupifupi wodwala lupus aliyense amapezeka ndi ANA, koma anthu ena abwinobwino amapezeka nayonso, choncho dokotala saweruza ndi ANA yokha. Zoyeza zapaderazi sizipezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Nchifukwa chake mwana woganiziridwa nthendayi amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Kalata yotumiza ikalembedwa, tisaisunge m'chikwama kudikira kuti tikolole kaye.

MANKHWALA ALIPO

Mankhwala ochiziratu lupus sanapezeke, koma oigonjetsa kuti igone alipo, ndipo amagwira ntchito. M'zaka za m'ma 1950 pafupifupi theka la odwala linkamwalira pasanathe zaka 5. Lero m'maiko momwe mankhwala amapezeka mosavuta, odwala oposa 90 mwa 100 aliwonse amakhala ali moyo patatha zaka 10.

Maziko a chithandizo ndi hydroxychloroquine. Makolo athu akukumbukira chloroquine, mankhwala owawa a malungo aja amene dziko la Malawi linawasiya m'chaka cha 1993 poona kuti malungo anali atawazolowera. Hydroxychloroquine ndi mbale wake, ndipo pa lupus amachepetsa kubuka kwa nthenda, amateteza impso ndi mtima, ndi kuchepetsa kuundana kwa magazi. Womwa mankhwalawa ayenera kumapimitsa maso nthawi ndi nthawi monga momwe dokotala wanenera.

Nthenda ikalusa, monga pamene yagwira mtima kapena impso, amapereka prednisolone, amene amazimitsa kutupa mofulumira. Pofuna kuti mwana asamwe prednisolone wambiri kwa nthawi yaitali amaonjezera ena monga azathioprine, mycophenolate kapena cyclophosphamide. Alipo enanso atsopano monga belimumab, amene ku America anavomerezedwa kwa akuluakulu mu 2011 ndi kwa ana a zaka 5 kupita m'tsogolo mu 2019, koma ndi okwera mtengo kwambiri.

Pali zinthu zinayi zoti banja lisaiwale. Choyamba, prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi. Thupi limakhala litamuzolowera, ndipo kumusiya tsiku limodzi kungathe kupha. Amachepetsedwa pang'onopang'ono ndi dokotala yekha. Chachiwiri, mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, choncho mwana akatentha thupi apite ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo azigona m'neti usiku uliwonse. Chachitatu, dzuwa limaputa nthendayi ngakhale pa khungu lakuda: chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, ndi kupewa kumunda dzuwa lili paliwombo. Chachinayi, mwana amene mnofu wa mtima unatupa ayenera kupumula ku mpira ndi ntchito zolemetsa kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, kufikira dokotala atamulola. Ngati mwanayo ali pa sukulu yogonera komweko, aphunzitsi ndi oyang'anira ntchito za manja adziwitsidwe, kuti asamuyese waulesi.

MWANA WA M'MIMBA

Pali mtundu wina wa lupus umene umakhudza mtima mwana asanabadwe nkomwe. Amayi ena ali ndi asilikali otchedwa anti-Ro m'magazi mwawo, ndipo ambiri a iwo sadziwa chifukwa sadwala. Asilikaliwa amadutsa kupita kwa mwana, ndipo mwa ana 1 kapena 2 pa 100 aliwonse obadwa kwa amayi otere amaononga njira imene imalamulira kagundidwe ka mtima. Zimenezi zimachitika kawirikawiri mimba ili ndi masabata 18 mpaka 24. Mtima wa mwana wa m'mimba umayenera kugunda ka 110 mpaka 160 pa mphindi imodzi, koma wogwidwa ndi vutoli umagunda mwina ka 60 kokha. Mzamba womvetsera bwino ku sikelo ndiye amayamba kuzindikira.

Zidzolo zimene ana ena otere amabadwa nazo zimatha zokha pofika miyezi 6 mpaka 8, pamene asilikali a mayi atha m'thupi mwa mwana. Koma kuonongeka kwa mtima kuja sikubwerera, ndipo ambiri amafunika kuikidwa kamakina kothandiza mtima kugunda kotchedwa pacemaker. Mayi amene zamuchitikira kamodzi ali pa chiopsezo chachikulu, pafupifupi 15 mpaka 20 pa 100, kuti zichitikenso pa mimba yotsatira, koma kumwa hydroxychloroquine kuyambira mimba ili yaing'ono kumachepetsa chiopsezocho. Apa tikuona ubwino woyamba sikelo msanga.

UDINDO WATHU NGATI MPINGO

Nthenda imene imabwera ndi kupita, imene lero yagwira mfundo mawa yagwira mtima, ndiponso imene malungo akayezedwa sapezeka, imafulumira kutchedwa ya ufiti. Mabanja amadana, agogo osalakwa amalozedwa chala, ndalama zimathera kwa oombeza, uku mtima wa mwana ukumira m'madzi. Kawirikawiri munthu woyamba kumva za mwana wotere ndi mkatekisiti, atsogoleri a mphakati, kapena wansembe amene waitanidwa kukadzoza wodwala. Mawu a anthu amenewa amamveka m'mudzi. Pambuyo pa pemphero ndi Sakramenti la Odwala, afunsenso kuti kodi mwanayu anaonedwa ndi dokotala, nanga kalata yotumiza ili kuti. Mpingo umene unamanga zipatala za mishoni m'dziko muno sunaonepo mkangano pakati pa kupemphera ndi kumwa mankhwala. Ndipo wina aliyense wouza mwana wodwala lupus kuti ataye mankhwala chifukwa wachira ndi pemphero akusewera ndi moyo wa mwanayo.

Mwana womwa prednisolone amanenepa nkhope, amatuluka ziphuphu, ndipo nthawi zina amachedwa kutalika. Achinyamata ambiri amasiya mankhwala mobisa chifukwa chotopa ndi kusekedwa ndi anzawo, ndipo nthenda imabwerera ndi ukali woposa kale. Ife aseminale tikudziwa m'mene dzina lachipongwe limamatirira pa munthu ku dormitory ndi ku dining. Tisakhale ife ochititsa mnzathu kubisa mapiritsi pansi pa matiresi.

Odwalawo asataye mtima. Flannery O'Connor, mlembi wotchuka wachikatolika wa ku Georgia m'dziko la America, anataya bambo ake chifukwa cha lupus m'chaka cha 1941 iye ali ndi zaka 15. Naye anayamba kudwala nthenda yomweyo ali ndi zaka 25, pa nthawi imene mankhwala anali ochepa. Ankayendera ndodo, komabe ankapita ku Misa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo analemba mabuku awiri a nkhani zazitali ndi nkhani zazifupi zoposa 30 asanamwalire mu 1964 ali ndi zaka 39. Mwana wodwala lupus lero ali ndi mankhwala amene mayiyu sanawaone.

Chaka chilichonse pa 11 February Mpingo umakumbukira Tsiku la Odwala, limene Papa Yohane Paulo Wachiwiri analikhazikitsa mu 1992, ndipo pa 10 May dziko lonse limakumbukira odwala lupus. Masiku awiriwa ndi mwayi wabwino woti nkhaniyi ikambidwe m'maparishi ndi m'miphakati yathu. Ndipo ife tikapita ku holide, tikapeza mlongo wathu, mng'ono wathu kapena mwana wa a neba akugona chokhala chifukwa cha ululu wa m'chifuwa, tsitsi likuthothoka, thupi likutentha sabata ndi sabata, tiwalimbikitse makolo kupita naye ku chipatala, tiwaperekeze, ndipo tiwathandize kufotokoza zizindikiro zonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.